Munthu wachiwiri pa maikolofoni

Loweruka masana ku Kabwe kuno, ukayenda kuchokera kumsika wa m'tauni kulowera ku Bwacha kapena ku Makululu, mawu amodzimodzi amakutsata khomo ndi khomo. Atuluka m'bala, alowa m'kanyumba kometera tsitsi, atulukiranso m'holo ya malata momwe anyamata alipira kangachepe kuti aonere ligi ya ku England. Mawuwo ndi a anthu awiri. Woyamba ndi woulutsa mpira, amene amatchula yemwe ali ndi mpira ndi komwe waupereka, n'kukuwa chigoli chikalowa. Wachiwiri amalankhula mwa apo ndi apo, makamaka mpira ukatuluka kunja kapena akamabwereza chithunzi, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene anasewerapo mpira kapena kuphunzitsa timu. Ameneyu ndiye wothirira ndemanga. Ndaona kuti zonena zake zimakhalitsa m'mitu ya anthu kuposa kukuwa konse kwa mnzake uja.

Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Katete, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuimbira mpira wa masukulu ndi wa matimu ang'onoang'ono m'makomboni a tauni ino. Zimene wothirira ndemanga wanena Loweruka ndimakumana nazo Lachitatu pa bwalo lafumbi, zikutuluka m'kamwa mwa mwana wa giredi 8. Akanena zoona, ntchito yanga imapepuka. Akanena zolakwika, ndimakanganitsidwa ndi makolo amene umboni wawo ndi wakuti anazimva pa TV.

Makutu athu anakulira pa wailesi. A msinkhu wanga tinaphunzira kumvera mpira kwa malemu a Dennis Liwewe, amene anabadwira ku Malawi mu 1936, nadzagwira ntchito kumigodi ya ku Copperbelt, namwalira mu Epulo 2014. Ndiwo anatchukitsa dzina loti KK11 pa timu ya dziko lino. Pa wailesi woulutsa ndiye maso ako, akangoti zii kamphindi ndiye kuti kwa iwe mpira waima. N'chifukwa chake a Liwewe ankathamanga ndi mawu osapuma, mpaka mawuwo kusasa. Kunyumba kwa amalume anga, amene ankagwira ntchito kunjanji, kanema itabwera mwambo unali wotsitsa mawu ake n'kutsegula wailesi, kuti maso aone chithunzi koma makutu amve a Liwewe.

Mwambo umenewo unatisiyira khutu lokonda mawu ochuluka, moti mpaka lero ambiri timati waluso ndi amene sapuma. Koma pa kanema chithunzi chilipo kale. Kundiuza kuti mpira wagunda chitsulo cha golo pamene ndauona ndekha ukugunda n'kungonditayitsa nthawi. Munthu wachiwiri anamuika pampando kuti azinena zimene chithunzi sichinena.

Kamera imalondola mpira. Imakuonetsa kachigawo ka bwalo komwe kuli mpirawo, osewera ena onse ali kunja kwa chithunzi. Koma zambiri zimene zimabala chigoli zimayambira kunja komweko. Wotchinga wa kumanzere wakwera kwambiri, kumbuyo kwake kwatsala malo. Womwetsa zigoli wathamangira dala kumbali kuti akoke wotchinga wa pakati, n'kusiya mpata woti mnzake adutsemo. Osewera pakati atopa, sakubwereranso msanga. Amene wakhala pamwamba m'bwalo amaziona zonsezi nthawi imodzi, ndipo ngati anasewerapo amadziwa kumene zikulowera. Wothirira ndemanga weniweni amakulozera mbali ya kumanzereyo mpira usanapite n'komwe kumeneko. Pakapita mphindi zisanu chigoli n'kudzera komweko, oonera onse amayang'anana kuti, paja ananena uja! Malipiro ake amalandirira ntchito imeneyi. Kulongosola chigoli chitalowa kale aliyense angathe.

Si nthawi zonse pamene anthu awiriwa amakhala m'bwalo. Pofuna kupulumutsa ndalama za ulendo, makampani ambiri amawakhazika m'situdiyo kutali ndi masewero, n'kumaonera chithunzi chomwecho chimene inu mukuona. Mukamva akuchedwa kudziwa yemwe akulowa, kapena akudabwa nanu limodzi kuti woimbira waimitsiranji mpira, nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenecho. Pamenepo sindiwaimba mlandu. Kungoti phindu lawo lalikulu lachoka, chatsala ndi zimene anakonzekera asanakhale pampando.

Tengani usiku wa ndime yomaliza ya chikho cha Africa pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, umene aliyense mu Kabwe amakumbukira komwe anauonera. Joseph Musonda anavulala masewero atangoyamba, natuluka misozi ili m'maso. M'malo mwake munalowa Nyambe Mulenga. Chigawo chachiwiri chili mkati, kochi wathu Hervé Renard anatulutsanso Mulenga yemweyo n'kulowetsa Felix Katongo, wosewera wokonda kupita kutsogolo. Apo woonera wamba amadzazidwa ndi mafunso. Munthu wolowa m'malo mwa mnzake atulukirenjinso? Nanga mbali imene amatchinga ija atseke ndani, poti Côte d'Ivoire ili ndi Gervinho ndi Didier Drogba? Woulutsa sangayankhe, ali kalikiliki kulondola mpira. Wachiwiri uja amafunika pa nthawi ngati imeneyo. Usiku womwewo unaonetsanso nthawi imene safunika. Pa mapenate, anyamata athu ataunjikana pakati pa bwalo akuimba nyimbo, Stoppila Sunzu akupita kukamenya penate imene inatipatsa chikho pa 8-7, panalibe nzeru ya mpira imene ikanaposa kungotisiya timve kuimbako.

Mwa amene timawamva kuno pa ligi ya ku England, ine ndimakonda Jim Beglin, amene kwa zaka zambiri ankakhala pambali pa Peter Drury. Beglin ndi wa ku Ireland, anali wotchinga kumanzere ku Liverpool, ndipo anathyoka mwendo mu Januwale 1987 posewera ndi Everton, osadzafikanso pamene anali. Si munthu woti ana n'kumavala malaya a dzina lake. Koma Drury akauluka ndi mawu ake okometsera, Beglin ankadikira, kenako n'kuloza chinthu chimodzi chachifupi, monga kuti wotchinga wayang'ana mpira n'kuiwala munthu wake. Akatero basi, watseka pakamwa. Ndaonanso kuti ambiri amene amaitha ntchitoyi anali osewera kumbuyo, monga Jamie Carragher ndi Gary Neville. Wotchinga amasewera mpira wonse uli patsogolo pake, amanunkhiza ngozi isanafike, ndipo anazolowera kukuwira anzake poti aime. Womwetsa zigoli wa luso lobadwa nalo nthawi zambiri amalephera kufotokoza zimene miyendo yake inkachita yokha.

Neville yemweyo ali ndi phunziro lina. Anayamba ntchito ya pa kanema mu 2011, anthu n'kumamutama kuti mpira amaudziwa. Mu Disembala 2015 anamupatsa timu ya Valencia. Barcelona inamuthira 7-0, ndipo pakutha kwa Malichi 2016 anali atamuchotsa ntchito. Zimenezo sizinamulande luso la pa maikolofoni, koma zinaonetsa kuti kunena zimene kochi akanachita n'kopepuka kusiyana ndi kuzichita wekha sabata ndi sabata. Wothirira ndemanga wokumbukira zimenezi amayamba wafotokoza chimene kochi amafuna kuchita, kenako n'kunena chifukwa chake sichinatheke.

Pamene pamandiwawa ine monga woimbira ndi pa malamulo. Malamulo a mpira amasintha pafupifupi chaka ndi chaka. Amawasintha ndi bungwe la IFAB, ndipo buku lake aliyense angaliwerenge pa intaneti kwaulere. Chikhalirecho othirira ndemanga ambiri amaweruza ndi malamulo a nthawi imene iwo ankasewera. Wotchinga akagwetsa mnzake m'bokosi, mumamva akuti ameneyo anali munthu womaliza, aone kadi yofiira. M'buku mulibe lamulo la munthu womaliza. Woimbira amafunsa ngati wolakwayo walanda mnzake mwayi woonekeratu wa chigoli, ndipo kuti ayankhe amayeza mtunda wokafika ku golo, komwe masewero amalowera, ngati wogwetsedwayo akanaulamulira mpirawo, ndi pamene otchinga ena aima. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2016, ngati zachitikira m'bokosi, penate yaperekedwa, ndipo wotchingayo amalimbira mpira, kadi imakhala yachikasu. Yofiira imatsalira amene wakoka malaya, wakankha, kapena wagwira mpira dala ndi dzanja. Papita zaka zambiri chisinthireni lamuloli, koma mawu akale aja akumvekabe. Chimodzimodzi golokiki: kuyambira mu 2019 mpira suyeneranso kutuluka m'bokosi kuti mnzake wa goloboyi aukhudze. Ndipo wolandira mpira kuchokera pa golokiki, pa kona kapena kwa woponya ndi manja sangakhale pa ofusayidi, lamulo lakalekale limene ena amaliiwalabe.

Wina angati zimenezi n'zazing'ono. Pa bwalo la sukulu si zazing'ono. Palibe VAR, palibe apolisi, palibe mpanda. Pali woimbira mmodzi, kawirikawiri mphunzitsi kapena mnyamata amene akuphunzira kumene ntchitoyi, atazunguliridwa ndi anthu okhulupirira kuti TV sinama. Ndaonapo anyamata aluso akutaya wezulo chifukwa chotopa ndi kutukwanidwa pa chigamulo cholondola.

Sindikunena kuti oimbira asamadzudzulidwe. Janny Sikazwe, mphunzitsi wa ku Kapiri Mposhi pafupi pompa, anaimbira ndime yomaliza ya chikho cha Africa mu 2017, ndipo mu 2018 anakhala woyamba wa ku Zambia kuimbira masewero a World Cup. Pa 12 Januwale 2022 ku Limbe, wa ku Cameroon osati wa ku Blantyre, pa masewero a Tunisia ndi Mali, analiza wezulo yomaliza pa mphindi 85, nayambitsanso mpira, kenako n'kuuthetsanso mphindi 90 zisanakwane. Kumeneko kunali kulakwitsa, ndipo wothirira ndemanga aliyense anayenera kutero mosapsatira. Pambuyo pake zinamveka kuti kutentha kwa tsikulo kunamudwalitsa mpaka kupita naye kuchipatala. Pa nthawi yotere ndimafuna munthu wa pa maikolofoni anene cholakwacho, afotokoze zimene lamulo likuti zichitike, ndiponso afunse ngati munthuyo ali bwino, poti woimbira wofika pamenepo sangosokoneza nthawi popanda chifukwa. Kunyoza kokha sikuphunzitsa woonera kanthu.

Pa ligi yathu ya kuno vuto ndi lina. A mpira ku Zambia ndi anthu odziwana. Wothirira ndemanga anasewera limodzi ndi kochi amene timu yake ikugonja, anaphunzitsapo goloboyi amene wataya mpira, ndipo mwina iye mwini akudikira foni ya wapampando wa timu yomweyo yomuitanira ntchito. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mapeto ake timamva zomwezomwezo: anyamata ayesetsa, mwayi sunali wawo, mpira umadunda. Timu yachinyidwa zigoli zitatu zofanana, zonse zochokera pa kona, koma palibe wonena kuti sinakonzekere. Mantha amenewo ndimawamvetsa, munthu amafuna kudyanso mawa. Komabe ilipo njira yonenera zoona osachotsa munthu ulemu, ndiyo kuloza chimene chachitika pa bwalo n'kusiya khalidwe la munthu. Kunena kuti pa makona atatu onsewo panalibe woima pa chitsulo chapafupi si chipongwe kwa kochi, ndipo kochi wanzeru angakuthokoze.

Ena amagwera mbali inayo, kukondera poyera. Pa masewero a mkangano, monga Nkana ndi Power Dynamos ku Kitwe kapena Kabwe Warriors ndi Prison Leopards konkuno, ochemerera amatchera khutu kuti amve komwe mtima wa wothirira ndemanga wapendekera, ndipo sachedwa kumugwira. Kukonda timu imene inakulera si tchimo, ndipo Chipolopolo ikamasewera sindifuna munthu wozizira. Choipa n'chakuti kugwa kumodzimodzi kukhale penate mbali ino, mbali inayo kukhale kudzigwetsa.

Kulinso kukondera kwina kumene ife a ku Africa timakumva msanga. Mu 2020 kampani ya ku Denmark yotchedwa RunRepeat, mogwirizana ndi PFA, bungwe la osewera mpira ku England, inamvetsera ndemanga za m'Chingerezi pa masewero 80 a maligi a ku England, Spain, Italy ndi France. Inapeza kuti pokamba za nzeru, matamando ambiri amapita kwa osewera a khungu loyererapo, pamene a khungu lakuda amatchulidwa kwambiri pa mphamvu ndi liwiro. Ife sitinadabwe. Enock Mwepu kuno kwawo timamutcha Computer chifukwa cha mutu wake, ndipo chigoli chimene anamwetsa Liverpool ku Anfield mu Okutobala 2021, kuudutsitsa mpira pamwamba pa Alisson ali patali, ine ndinachiona ngati cha munthu amene anayamba wayang'ana pamene goloboyi waima. Chimodzimodzi cha Gabadinho Mhango wa ku Malawi posewera ndi Morocco mu Januwale 2022. Patson Daka liwiro ali nalo, inde, koma pa zigoli zinayi zimene anathira Spartak Moscow mu Okutobala 2021 panalinso kudziwa nthawi yonyamukira kuti asagwidwe ofusayidi. Wothirira ndemanga amene amangoona miyendo amauza mwana wa ku Katondo kuti chimene ali nacho ndi thupi basi, pamene chofunika kuphunzira kwa Mwepu ndi Daka n'kukweza mutu mpira usanafike.

Nthawi zina za mumtima zimatulukira poyera. Ron Atkinson anasiya ntchito ku ITV mu Epulo 2004 atanyoza Marcel Desailly ndi mawu a tsankho, akuyesa kuti maikolofoni yazimitsidwa. Andy Gray anachotsedwa ku Sky mu Januwale 2011 pa nkhani imene inayamba ndi kunyoza Sian Massey, mayi wonyamula mbendera, ati akazi sadziwa lamulo la ofusayidi. Lero dzina la mpira wa Zambia kunja alinyamula Barbra Banda, amene anamwetsa zigoli zitatuzitatu pa masewero awiri otsatizana a Olympics ku Japan mu 2021, ndi Racheal Kundananji. La Malawi alinyamula Tabitha ndi Temwa Chawinga. Wobwera pa masewero a Copper Queens osadziwa mayina a osewera, n'kumangoyerekeza aliyense ndi mwamuna wina wotchuka, nthawi yamusiya m'mbuyo. Amayi amene anasewera mpira umenewu alipo, ndipo mpandowo ndi wawonso.

Kwa ife a ku Kabwe, munthu wachiwiriyu ali ndi ntchito inanso imene sindiiona mopepuka. Bwalo lathu la njanji lero limatchedwa Godfrey Ucar Chitalu 107 Stadium. Nambalayo ndi ya zigoli zimene a Chitalu anamwetsa mu 1972, chaka chimene Warriors inasesa zikho zonse za m'dziko muno. Mu Disembala 2012, Lionel Messi atapitirira zigoli 85 za Gerd Müller, bungwe la FAZ linakumbutsa dziko lapansi za 107 ija, koma FIFA inayankha kuti sisunga kaundula wa zigoli za m'maligi a mayiko, choncho singatsimikize. Zigoli za Messi aliyense angazione pa foni lero lomwe. Za a Chitalu zili m'manyuzipepala akale ndi m'kamwa mwa madala amene anazionera pa bwalo, ndipo madalawo akutha. A Chitalu eni ake anafera pa ngozi ya ndege ku Gabon mu Epulo 1993 ali kochi wa timu ya dziko, pamodzi ndi osewera 18, ena mwa iwo a Warriors monga Whiteson Changwe ndi goloboyi Richard Mwanza.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, njanji sili ngati kale, ndipo ligi tinaitenga komaliza mu 1987. Mwana wobadwira mu Kabwe lero angakule osadziwa kuti timu ya tauni yake inkaopedwa dziko lonse. Warriors ikamaonetsedwa pa kanema, wothirira ndemanga ndiye angamulumikize ndi mbiri imeneyi. Sindikunena nthano zazitali zija za mmene ife tinkasewerera, zimene ena amazikoka mpaka chigoli kulowa iwo akadali m'mbuyo. Ndikunena mawu ochepa pa nthawi yake. Mnyamata akatembenuka ndi mpira mwa njira inayake, amene anaona Boniface Simutowe akusewera anene kuti izi tinaziona kale pa bwalo lomweli, ndipo zinkatheka chifukwa chakutichakuti.

Zonsezi zimafuna kukonzekera, ndipo wa ligi yathu alibe gulu la anthu omusonkhanitsira ziwerengero ngati anzake a ku London. Ayenera kuyenda yekha, kukaonera timu ikukonzekera pakati pa sabata, kucheza ndi kochi, kufunsa mnyamata watsopano kuti anachokera timu iti ndipo dzina lake limatchulidwa bwanji. Owalemba ntchito nawonso asamangotenga dzina lotchuka n'kuliveka maikolofoni. Amuphunzitse nthawi yolowa ndi yotuluka, amupatse buku la malamulo la chaka chimenecho, ndipo pakakhala chigamulo chovuta aitane woimbira wopuma kuti athandize.

Ndipo amulole kulankhula chinenero chimene amaganizira mpira. Ku Tanzania, Azam TV imaulutsa ligi yawo m'Chiswahili. Ku South Africa oonera amamva mpira m'Chizulu ndi m'Chisotho. Kuno wailesi ya ZNBC imalankhula zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno, kuphatikizapo Chibemba ndi Chinyanja, ndiye kuti chizolowezicho tili nacho kale. Osewera athu akale ambiri akakakamizidwa Chingerezi amangotsala ndi timawu khumi toloweza, koma muwamve akufotokoza mpira m'chinenero chawo. Pali bambo wina wachikulire ku Chowa, anali wotchinga pakati m'timu ya ligi yaing'ono, amene ndimamupempha kudzathandiza ana a kusukulu kwathu tikamayandikira mpikisano. Tsiku lina anawafotokozera m'Chibemba, mosakaniza ndi Chinyanja, mmene wotchinga amaimira chammbali kuti aone mpira ndi munthu wake nthawi imodzi, phewa liti liloze kuti, ndi chifukwa chake suyenera kulumpha womwetsa zigoli asanalumphe. Ana anamva nthawi yomweyo, ndipo ine amene ndaonera mpira wa pa kanema zaka zonsezi ndinali ndisanamvepo wina akuzilongosola bwino chotero. Bamboyo sanaitanidwepo ku situdiyo iliyonse, ndipo akuti ngakhale atamuitana sangapite, chifukwa kumeneko amafuna Chingerezi.